MPIRA WA KU AMERICA, CHIGOLI CHA GABADINHO NDI MALAMULO A NEWTON

Ku United States kuli masewero ena amene eni ake amawatchanso kuti mpira wamiyendo, chonsecho phazi limagwira ntchito mwa apo ndi apo. Ambiri a ife kuno ku Katawa tidawaonapo pa kanema kapena pa lamya za m'manja: anyamata amatupi ngati ng'ombe zapangolo, atavala zipewa zolimba ndi zotchinga m'mapewa, akuthamangitsana ndi kugwetsana chifukwa cha kampira kosongoka uku ndi uku. Woonera koyamba amangoti ndi ndewu. Koma wophunzira Fizikisi akaonetsetsa, apeza kuti phunziro lonse la mphamvu ndi kayendedwe ka zinthu, lija limatizunguza mitu m'kalasi, lili poyera m'bwalo limenelo, ndipo malamulo ake ndi omwewo amene amayendetsa chikulunga cha ana a ku Katawa, Chibavi ndi Zolozolo.

Kaseweredwe kake mwachidule ndi aka. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 11 monga kwathu kuno. Bwalo ndi lotalika mayadi 100, omwe ndi mamita 91, osawerengera malo ogoletsera kumapeto konse kuwiri. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti ipite nawo patsogolo mayadi 10, pothamanga nawo m'manja kapena pouponyera mnzawo, ndipo adani awo amaloledwa kumgwira ndi kumgwetsa amene wanyamula mpirayo. Wolowa nawo kumapeto kwa bwalo amapatsa timu yake mapointi 6, pamene kuumenya ndi phazi kuti udutse pakati pa mitengo ya golo ndi mapointi 3. Zina zonse ndi zokometsera.

Tsono tibwere kwa Isaac Newton, amene m'chaka cha 1687 adasindikiza buku lake la Principia. Lamulo lake loyamba likuti chinthu chimene chaima chimakhalabe chiimire, ndipo chimene chikuyenda chimapitirirabe molunjika pa liwiro lomwelo, pokhapokha mphamvu ina itachikankha kapena kuchikoka. Lachitatu likuti ukakankha chinthu, nachonso chimakukankha ndi mphamvu yofanana. Koma mtima wa nkhani yathu uli pa lachiwiri. Chinthu chilichonse choyenda chili ndi chimene aphunzitsi amachitcha momentamu, ndiko kulemera kwake kuchulukitsa ndi liwiro lake. Kuti uchipatse momentamu, kapena uchilande, pafunika mphamvu, ndipo kukula kwa mphamvuyo kumadalira nthawi imene watenga. Ukasintha kuyenda kwa chinthu pang'onopang'ono, mphamvu yochepa imakwanira. Ukafuna kukusintha m'kuphethira kwa diso, mphamvu yake imakhala yoopsa. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti ndi imene imasiyanitsa goloboyi wabwino ndi wothyoka zala.

Tiyambe ndi kumenya. Mpira wathu wovomerezeka umalemera magalamu 410 mpaka 450, ndipo wa ku America umachepera pang'ono, pafupifupi magalamu 400 mpaka 425. Tiyerekeze kuti wosewera wa Moyale Barracks pa Mzuzu Stadium wamenya mpira wa magalamu 430 ndipo wachoka pa liwiro la mamita 30 pa sekondi. Phazi ndi mpira zimakhudzana kanthawi kochepa zedi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Mukawerengera, 0.43 kuchulukitsa ndi 30, kugawa ndi 0.01, mupeza ma newton 1,290. Kuti timvane bwino, imeneyi ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu 130, matumba awiri ndi theka a chimanga, onse atatsamira pa kampira kamodzi. N'chifukwa chake pa zithunzi zojambulidwa mwachangu mpira umaoneka wophwatalala pa phazi ngati chitumbuwa. Ndipo mwa lamulo lachitatu, matumba awiri ndi thekawo amatsamiranso pa phazi. Amene adamenyapo mpira wopopedwa kwambiri ndi chala chachikulu, wopanda nsapato, m'mawa wozizira wa mu Juni kuno ku Mzuzu, safunika kumufotokozera.

Liwiro lomwelo likutiuzanso chifukwa chake goloboyi amangolota mbali pa penate. Mamita 11 pa liwiro la mamita 30 pa sekondi ndi ulendo wosakwana theka la sekondi. Akadikira kuti aone kaye kumene mpira ukulowera, pofika podumpha umakhala uli kale mu ukonde.

Nanga kuwakha? Apa nkhani ndi yomweyo koma yotembenuza. Mpira ukubwera ndi momentamu yake, ndipo wowakha ayenera kuithetsa yonse. Akaumitsa manja ngati thabwa, mpira umaima mwadzidzidzi, mphamvu imakula, ndipo umadumpha n'kuthawa kapena kumupweteka zala. Akatambasula manja kuuchingamira, kenaka n'kubwerera nawo pachifuwa, watalikitsa nthawi yoimitsira, ndipo mphamvu yatsika. Ndi mmene timawakhira dzira mnzathu akatiponyera. Ndi mmenenso alongo athu a mpira wamanja amachitira, ndipo wosewera wa pakati wodziwa ntchito amabweza phazi pang'ono polandira mpira kuti ugone pomwepo. Ku America aphunzitsi a masewero amati wowakha bwino ali ndi manja ofewa. Kufewako si kwa khungu ayi, ndi kwa nthawi.

Tsopano tifike pa kugwetsana, pamene pagona kutchuka ndi kuopsa kwa masewero a ku America. Tiyerekeze wosewera wa makilogalamu 110 akuthamanga mamita 8 pa sekondi. Limeneli ndi liwiro lalikulu ndithu, pokumbukira kuti Usain Bolt, pothamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, ankadutsa mamita 10 ndi pang'ono pa sekondi. Momentamu ya wosewera wathuyu ndi 880. Mdani akamugwira m'chiuno n'kumakokana naye kwa sekondi yathunthu asanagwe, mphamvu yake ndi ma newton 880, osakwana matumba awiri a chimanga. Koma akaombana maso ndi maso, n'kuima m'gawo limodzi mwa magawo 5 a sekondi, mphamvuyo ndi ma newton 4,400, matumba 9. Munthu ndi yemweyo, liwiro ndi lomwelo, chasintha ndi nthawi yokha.

Pali zinthu ziwiri pano zimene ambiri amatsutsa mpaka atatenga pensulo. Choyamba n'chakuti wamng'ono akhoza kubweza wamkulu. Wa makilogalamu 80 wothamanga mamita 9 pa sekondi ali ndi momentamu 720, pamene chimphona cha makilogalamu 130 choyenda mamita 5 pa sekondi chili ndi 650. Akaombana n'kugwirana, onse awiri amapita kumene wamng'onoyo amalowera. Chachiwiri n'chakuti pa kuombana kulikonse, onse awiri amalandira mphamvu yofanana ndendende. Palibe zoti wogunda amamva pang'ono ndipo wogundidwa amamva kwambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti mphamvu yomweyo imagwedeza kwambiri thupi lopepuka kuposa lolemera. Ichi n'chifukwa chake si nzeru kuphatikiza mwana wa Sitandade 6 m'timu ya anyamata a Fomu 4 pongofuna kuti nambala ikwane, monga zimachitikira kawirikawiri m'mabwalo a m'makwalala.

Kodi mphamvu yothamangira imachokera kuti? Ambiri angayankhe kuti m'miyendo, ndipo sakunama, koma miyendo payokha singamusunthe munthu. Phazi limakankha nthaka chakumbuyo, ndipo nthaka ndiyo imamukankha munthuyo kutsogolo. Pakasowa kugwirana pakati pa phazi ndi nthaka, mphamvu yonse ya m'ntchafu imapita pachabe. Ife a ku Mzuzu, kumene mvula imakonda kuchedwa kusiya, timaziona chaka ndi chaka: bwalo likachita matope, wothamanga kwambiri amasanduka ngati wina aliyense, ndipo wofuna kukhota mwadzidzidzi amapitirira molunjika chagada, kumvera lamulo loyamba la Newton asakufuna. Zisonga za kunsi kwa nsapato ntchito yake ndi kuluma nthaka. Komabe zikaluma mopitirira, phazi limakanirira pamene thupi likutembenuka, ndipo bondo ndilo limalipira.

Osewera a kutsogolo a ku America, amene ambiri amapitirira makilogalamu 130, amayamba atawerama mpaka dzanja kugunda pansi. Amadziwa kuti wotsika ndiye amapambana. Thupi lililonse lili ndi pakati pa kulemera kwake, kwa munthu woimirira ndi chapamchombo, ndipo munthu amagwa pamene pakatipo patuluka kunja kwa mapazi ake. Wowerama atatangadza miyendo ndi wovuta kumugubuduza, monga mmene njinga yonyamula thumba la makala mmunsi imakhazikikira kuposa imene yasanjikiza matumba mpaka kupitirira mutu wa mwini wake.

Tisiye kaye za pansi, tione za m'malere, ndipo pano chitsanzo chabwino sitichifuna kutali. Pa 25 Januwale 2022, mu mzinda wa Yaoundé ku Cameroon, Flames idakumana ndi Morocco mu mpikisano wa Africa Cup of Nations, ulendo woyamba Malawi kudutsa gawo la m'magulu. Pa mphindi ya 7, Gabadinho Mhango, mwana wa ku Chiweta m'boma la Rumphi, adaona kuti goloboyi Yassine Bounou wasuntha pa mzere wake, ndipo adaumenya ali pa mtunda wa mamita oposa 30. Mpira udadutsa pamwamba pa goloboyiyo n'kutsikira mu ukonde. Tidagonja 2-1, koma chigoli chimenecho chidazungulira dziko lonse.

Chimene chidachitika m'malere muja adachifotokoza kale Galileo m'buku lake la mu 1638. Mpira ukachoka pa phazi umakhala ndi maulendo awiri nthawi imodzi. Ukupita kutsogolo, komanso ukugwa, pakuti dziko limaukoka ndipo liwiro la kugwako limawonjezeka ndi mamita 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse. M'sekondi yoyamba umatsika mamita 4.9 kuchokera pa mzere umene udalozedwa. Ukakhala m'malere sekondi imodzi ndi theka, watsika mamita 11. Tsono golo ndi lotalika mamita 2.44 okha kuchoka pansi. Ndiye kuti womenya ali kutali chotero saloza golo konse, amaloza kumwamba, pamalo okwera ngati magolo anayi kapena asanu atasanjikizana, ndipo amasiyira dziko kuti litsitse mpirawo. Akawonjeza mphamvu pang'ono, wapita kwa oonerera. Akachepetsa pang'ono, wagwera m'manja mwa goloboyi. Ena amati chidali chamwayi. Ine sindivomereza. Masamu amenewa phazi limawaphunzira pomenya mipira zikwizikwi, ngakhale mwini phaziyo asanawalembepo pa pepala.

Ku America amawerengera zimenezi ndi wotchi. Timu ikalephera kupita patsogolo, imaumenya mpira m'mwamba kutali kuti adani akayambire kumbuyo, ndipo womenya wabwino amauchedwetsa m'malere masekondi 4 kapena kuposerapo kuti anzake athamange n'kukafika pamene ukagwere. Mpira wokhala m'malere masekondi 4 umakwera pafupifupi mamita 20. M'buku timaphunzira kuti chinthu chimapita kutali kwambiri chikaponyedwa pa madigiri 45, koma zimenezo n'zoona kopanda mpweya. M'bwalo lenileni mpweya umaubweza mpira, kotero wofuna mtunda amautsitsako pang'ono, ndipo wofuna nthawi amaukweza.

Mpweyawo sufanana paliponse. Kumalo okwera ndi wopepuka, ndipo mpira umauboola mosavuta. Mzinda wa Denver uli pa mamita 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo omenya mpira amaukonda: kumeneko mu 2013 Matt Prater adagoletsa ndi phazi ali pa mayadi 64, mtunda umene pa nthawiyo padalibe adaufikapo mu ligi ya NFL. Mzuzu ali pa mamita oposa 1,200, ndipo mpweya wathu ndi wopepuka ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kapena kupitirirako pang'ono, poyerekeza ndi wa ku Beira kapena Dar es Salaam. Kamenyedwe komweko kamapititsa mpira patali pang'ono ku Katawa kuposa ku Nkhata Bay.

Nanga bwanji mpira wosongoka uja sugubuduzika m'malere? Woponya, amene amamutcha quarterback, amaupotokola ndi zala pouponya, kotero umapita ukuzungulira ngati nguli yogona chammbali, pafupifupi ka 10 pa sekondi. Chinthu chozungulira chimakana kupendeka, monga nguli imaimirira pa msomali wake pamene ikuzungulira n'kugwa ikatopa. Motero nsonga imakhala patsogolo, mpira umang'amba mpweya ndi mbali yake yowonda, ndipo umapita kutali molunjika. Ukaponyedwa wosazungulira bwino umapita ukuphiriphitha ngati nkhuku yodumpha mpanda.

Mpira wathu wobulungira kuzungulira kumauchititsa zina. Ukamenyedwa m'mbali, umazungulira n'kumakoka mpweya woukhudza, kuutayira mbali imodzi, ndipo mpweyawo, mwa lamulo lachitatu lija, umaukankhira mpirawo mbali inayo. Newton mwini wake adaziona pa mipira ya tenisi ndipo adalembapo mu 1672, koma dzina lidapita kwa Heinrich Gustav Magnus wa ku Germany amene adazifufuza mu 1852. Firikiki ya Roberto Carlos wa Brazil pokumana ndi France ku Lyon mu 1997 ndiyo imatchulidwa kwambiri: mpira udapita kunja kwa mpanda wa osewera ngati ukusochera, kenaka udakhota n'kugunda mtengo wa golo ndi kulowa, goloboyi Fabien Barthez ataima chilili.

Koma gawo limene ndikufuna makolo ndi oyang'anira masewero aliwerenge mofatsa ndi la mutu. Mpira wa ku America udayamba wopanda zipewa zolimba, ndipo m'chaka cha 1905 chokha osewera osachepera 18 adamwalira. Pulezidenti Theodore Roosevelt adaitanitsa akuluakulu a masewerowa a ku Harvard, Yale ndi Princeton, ndipo mu 1906 malamulo adasinthidwa, kuloleza kuponya mpira kutsogolo kuti osewera amwazikane m'malo mounjikana pamodzi. Pambuyo pake zipewa zidafala, zachikopa kenaka zapulasitiki. Chipewa chimagwira ntchito ziwiri. Chikhokho chake cholimba chimamwaza mphamvu pa malo aakulu kuti isaboole pamodzi, ndipo chofewa cha mkati chimafinyika, kutalikitsa nthawi imene mutu ukuima. Ndi nzeru ya kuwakha dzira yomwe ija. Kusweka kwa zigaza kudachepa ndithu.

Vuto lidatsala mkati. Ubongo sudamatiridwe ku chigaza, umayandama m'timadzi. Chigaza chikaima mwadzidzidzi, ubongo umapitirirabe ulendo wake n'kukagunda khoma la mkati, monga mmene okwera minibasi amagwera kutsogolo dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi pa Katoto. Mutu ukapotokoka, ubongo umapotokokanso mochedwerapo, ndipo timitsempha take timakokeka. Palibe chipewa chimene chingalowe m'chigaza kukaugwira ubongo. Choipa china n'chakuti osewera ena, podzimva otetezeka, adayamba kugwiritsa ntchito mutu ngati chida chogundira, mpaka mu 2018 NFL idaletsa kuweramitsa mutu pofuna kugunda nawo mnzako.

Amene adaonetsa dziko kukula kwa vutoli ndi dokotala wobadwira ku Nigeria, Bennet Omalu. Mu 2002 ku Pittsburgh adapima ubongo wa Mike Webster, katswiri wakale wa timu ya Pittsburgh Steelers, amene adamwalira ali ndi zaka 50 atavutika zaka zambiri ndi kuiwala ndi kusokonezeka maganizo. Adapeza kuwonongeka kwa mtundu umene kale unkadziwika mwa ankhonya, matenda otchedwa CTE, ndipo adasindikiza zimene adapeza mu 2005. Chimene madokotala amaopa si kugundidwa kumodzi kwakukulu kokha, komanso kugundidwa pang'onopang'ono kambirimbiri kwa zaka.

Tisati izi ndi za ku America zokha. Mu 2019 akatswiri a pa yunivesite ya Glasgow, atafufuza mbiri za osewera mpira wathu womwewu akale oposa 7,000 a ku Scotland, adapeza kuti imfa za matenda owononga ubongo zidali zochuluka katatu ndi theka mwa iwo poyerekeza ndi anthu ena. Mu 2020 mabungwe a mpira a ku England, Scotland ndi Northern Ireland adalangiza kuti ana a ku pulayimale asamaphunzitsidwe kumenya mpira ndi mutu pokonzekera masewero, ndipo kuyambira mu 2024 malamulo a mpira amalola mipikisano kupereka mwayi wapadera wosintha wosewera amene wagundidwa m'mutu. Kwathu kuno mwana wa zaka 9 amadumphira mpira wa akuluakulu, wonyowa ndi wamatope, ndipo tonse timamuombera m'manja. Khosi lake ndi lofooka, mutu wake ndi wopepuka, tsono mphamvu yomweyo imaugwedeza kwambiri kuposa wa munthu wamkulu. Anyamata awiri akaombana mitu polimbirana kona, chizolowezi chathu ndi kuwathira madzi n'kuwauza kuti alimbe mtima. Wogundidwa m'mutu amene akumva chizungulire, akusanza, akuona zinthu ziwiriziwiri, kapena sakukumbukira kuti zigoli zili bwanji, ayenera kutuluka m'bwalo tsiku limenelo ndi kukaonedwa kuchipatala, ngakhale sadakomoke ndipo iye mwini akukakamira kuti ali bwino. Kugundidwa kachiwiri ubongo usanachire ndi koopsa kuposa koyamba.

Masamu omwewa amatidikiranso pa msewu tikamachoka ku bwalo. Njinga yamoto ya kabaza yoyenda makilomita 40 pa ola ikudutsa mamita 11 pa sekondi, kuposa Usain Bolt, ndipo phula silifinyika ngati phewa la wosewera mnzako. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yowononga imene iyenera kuthera penapake imawirikiza kanayi. Pamenepo chipewa chimathandiza zedi, koma chikhale chomanga lamba pachibwano, pakuti chosamanga nachonso chimamvera lamulo loyamba: chimauluka pachokha mutu usanafike pansi. Ndipo chipewa cha njinga yamoto chimasiyana ndi cha osewera a ku America, chimene adachipanga kuti chizifinyika n'kubwerera. Chofewa cha mkati mwa chipewa cha njinga chimaphwanyika kamodzi kokha. Chimene chidagundapo kale pansi mwamphamvu, ngakhale kunja chikuoneka chosalala, mkati chidatha ntchito.